Aphunzitsi anzanga, duwa ya tahajudi yandisokonezera kalasi

Mwalimu wa ku Mbare:
Assalamu alaikum akuluakulu. Ndithandizeni msanga, kalasi ya akuluakulu ndi Loweruka. Ndinawapatsa pepala la maduwa (mapempho) a tahajudi, swala yodzipereka ya usiku, koma zasokonekera. Ena akuwerenga pa foni ali pa sajida (atagwada mphumi ili pansi), ena akupempha m'Chichewa ndi m'Chiyao mkati mwa swala, ena akubwereza witiri (swala yotsekera usiku) atadzuka pomwe anaswali kale pambuyo pa Isha. Nthawi nayo aliyense ali ndi yake. Ndiyambire pati?

Shehe wa ku Highfield:
Wa alaikum salaam mwalimu. Yambani ndi nthawi, ndi yophweka. Werengani maola kuchokera Magharibi (dzuwa litangolowa) mpaka Subuhi (m'bandakucha), mugawe patatu, gawo lomaliza ndilo labwino kwambiri pa tahajudi. Mwezi wa June kuno ku Harare Magharibi ikakhala 17:30, Subuhi 05:10, usiku ndi maola 11 ndi mphindi 40. Gawo lomaliza likuyamba cha m'ma 01:17. December limayamba 1 koloko isanakwane chifukwa Subuhi imafulumira. Ambiri amalakwitsa powerenga mpaka kutuluka kwa dzuwa, gawo lija n'kusunthira kutsogolo. Komanso musawauze kuti adzuke 01:17 yeniyeniyo. Mphindi 30 Subuhi isanalowe akadali m'gawo lomwelo.

Mwalimu wa ku Epworth:
Vuto si nthawi. Vuto ndi Chichewa mkati mwa swala. Ife ambiri ndife a Shafi'i (otsatira chiphunzitso cha Imamu Shafi'i), ndipo kwa a Shafi'i duwa yodzipangira wekha m'chilankhulo china mkati mwa swala imaononga swalayo. Aloweze Chiarabu basi.

Shehe wa ku Highfield:
Zoona, koma musadule pakati. A Shafi'i omwewo amalola amene sangathe Chiarabu kumasulira duwa yochokera kwa Mtumiki (SAW). Chotsekedwa ndi yodzipekera. Njira yopanda phokoso nayi: pa sajida anene imodzi yaifupi ya Chiarabu, akapereka salamu akweze manja akhuthule zonse m'chilankhulo cha kwawo. Kunja kwa swala palibe woletsa.

Mwalimu wa amayi, Mufakose:
Pepala lanulo lili ndi maduwa angati mwalimu? Akapitirira atatu, n'chifukwa chake foni yafika pa mkeka. Munthu wagwada, mphumi ili pansi, dzanja limodzi likusuntha foni, kodi manja onse ali pansi pamenepo? Apatseni awiri okha kwa mwezi wathunthu. Woyamba "Ya muqallibal qulub, thabbit qalbi ala dinik", kupempha kuti mtima ukhazikike pa chipembedzo. Wachiwiri "Allahumma ati nafsi taqwaha wa zakkiha", kupempha mantha a Allah ndi kuyera kwa mtima. Tanthauzo liyambe, mawu ndi mawu, kuloweza kubwere pambuyo. Wosadziwa chomwe akupempha amangothamanga ngati akuwerenga risiti.

Mwalimu wa ku Epworth:
Ndiye n'zomwe ndikunenazo. Chiarabu. Mukangotsegula khomo la kumasulira, mawa Fatiha, sura yoyamba ya Qur'an, nayo aimasulira.

Imamu wa ku Glen View:
Za witiri musazisiye. Palibe witiri ziwiri usiku umodzi. Amene akukayika kuti adzuka, aswali witiri asanagone. Akadzuka aswali marakaa (zigawo za swala) awiriawiri, osabwereza witiri. Amene amadzuka mosaphonya aisunge ikhale yotsekera. Chenjeraninso ndi kunuti, duwa yonena chiimirire mu witiri. Ophunzira anu ena amaswali m'mizikiti ya a Hanafi (otsatira Imamu Abu Hanifa) kuntchito m'tauni, kumene kunuti ya witiri ndi ya chaka chonse, isanafike ruku (kuwerama). Kwathu kwa a Shafi'i ndi theka lomaliza la Ramadhani, pambuyo pa ruku. Mukapanda kuwauza kuti zonsezi zili ndi eni ake, ayamba kutsutsana okhaokha.

Mwalimu wa amayi, Mufakose:
Chinanso, Qur'an siwerengedwa pa ruku ndi pa sajida. Wina akafuna kunena "Rabbana la tuzigh qulubana" ya mu Al Imran ndime 8 ali pa sajida, aike cholinga cha duwa, osati cha kuwerenga.

Shehe wa ku Highfield:
Ndipo tulo musalipeputse. Ogulitsa ku Mbare Musika amadzuka 3 koloko kale, amenewo awo ndi marakaa awiri ndi istighfar (kupempha chikhululuko) asanakwere kombi (minibasi), zatha. Ogwira ntchito mpaka usiku musawasenzetse marakaa 11. Hadith yake ilipo, woodzera agone kaye kuopa kuti angadzitemberere akuyesa akupempha chikhululuko. Amene amayamba ndi ukali sabata yoyamba, yachitatu amagonera ndi Subuhi yomwe, ndiye wataya faradhi (swala yokakamizidwa) pofuna sunna (yodzipereka). M'nyengo yozizira auzeni atunge madzi a wudhu (kudziyeretsa asanaswali) m'chigubu madzulo, pampopi sipodalirika, ndipo munthu akatuluka panja mu June n'kupeza pouma amabwerera m'bulangete.

Mwalimu wa ku Epworth:
Zonsezo n'zabwino, koma ndikubwereza. Pa sajida Chichewa ayi.

Mwalimu wa ku Mbare:
Nanga agogo a zaka 70 amene lilime likukana ngakhale duwa yaifupiyo?

Mwalimu wa ku Epworth:
"Rabbighfir li" ndi mawu angati? Ayambe pamenepo.

Imamu wa ku Glen View:
Apo Epworth sanalakwe. Koma alipo amene ali ndi kalendala ya nthawi za swala ya mwezi wa mawa? Ija inatumizidwa muno Subuhi yake ikusiyana ndi yathu ndi mphindi zingapo.