Ndingamudziwe bwanji bwana ndisanasaine kontirakiti?

Anzanga amene mwagwirapo ntchito m'makampani akuluakulu a zaukadaulo, ndithandizeni maganizo. Kampani ina yaikulu yandiitana kuti ndikalowe m'gulu lolemba mapulogalamu a kompyuta. Malipiro ndi abwino ndithu, koma mtima sukukhazikika pa nkhani ya mabwana.

Komwe ndikuchokera, bwana wathu ankatumiza mauthenga pakati pa usiku n'kumadikira yankho nthawi yomweyo. Pulogalamu ikasokonekera, pamsonkhano ankayamba n'kufunsa kuti walakwitsa ndani, osati chavuta n'chiyani. Anthu anayamba kubisa zolakwika, ndipo akatswiri enieni anachoka mmodzimmodzi. Moyo umenewo sindikuufunanso.

Vuto n'lakuti pa intavyu aliyense amakhala wokoma pakamwa. Ndawerenga zimene antchito amalemba pa Glassdoor, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amafotokoza za makampani amene amagwirako ntchito, koma zambiri zikunena za kampani yonse, pomwe m'kampani ya anthu masauzande gulu lililonse limayenda motengera amene akulitsogolera. Ndiye bwanayo ndimufunse funso lotani limene sangaliyankhe mongokometsera? Kodi n'kupanda ulemu kupempha kuti ndicheze ndi omwe ali pansi pake, mwini wake palibe?

China chimene chikundidetsa nkhawa ndi kayezedwe ka ntchito. Mu 2013 Microsoft inasiya njira yondandalika antchito kuyambira wopambana mpaka wotsiriza, imene ambiri ankaidandaula kuti imadanitsa anthu a gulu limodzi. Kodi kwina idakalipo, mwina pansi pa dzina lina? Nanga mukapeza kuti bwana ndi wovuta, kusamukira gulu lina m'kampani momwemo kumatheka, kapena mpaka bwana yemweyo avomereze kaye?