Matabwa a kunja kwa nyumba: ndipente kapena ndiwasiye choncho?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Makoma a nyumba yathu kunja kwake ndi a matabwa a paini, okhomedwa chopingasa, lina kukwera pa linzake. Atangokhomedwa anali achikasu bwino, koma pano mbali yowombedwa ndi dzuwa yatuwa, ndipo m'munsi mwa khoma lolandira mvula mwatuluka timadontho takuda. Mayi a kunyumba akuti tingopaka penti woyera, nkhani ithe. Ine mizere ya thabwa ndi mfundo zake ndi zimene zimandisangalatsa, ndiye kuziphimba mtima ukukana. Mmisiri wina akuti vanishi, wina akuti mafuta. Kodi kutuwaku ndiye kuwola kumene? Nanga ndikapenta lero, mawa ndingathe kubwerera?

Yankho loyamba: Bambo, kutuwa si kuwola ayi. Dzuwa limangopsereza kakhungu ka pamwamba, m'kati thabwa lili bwinobwino. Chowoletsa ndi madzi okhalitsa. Tengani sikuludiraiva mubaye m'munsimo pamene pali timadontho. Ikakana kulowa, ndi nkhungu chabe, imachoka ndi bulashi ndi madzi othira bulitchi pang'ono. Ikalowa mofewa, thabwalo lapita, lichotseni. Penti sadzutsa thabwa lowola.

Yankho lachiwiri: Vanishi yekhayo musayerekeze. M'nyumba amakhala zaka, koma panja dzuwa limadutsa n'kukawononga thabwa kunsi kwake, kenako amayamba kusweka ndi kumatuka zigambazigamba. Kuti mudzapakenso muyenera kupala khoma lonse ndi sandipepa. Ntchito yake mudzalira.

Yankho lachitatu: Ine ndili mbali ya mayi. Paini si mtengo wopirira ngati mkungudza, umene uli ndi mafuta ake oteteza. Paini wosaviikidwa m'mankhwala ukausiya wosapaka kanthu pa mvula, umang'aluka ndi kupindika. Penti ndiye amateteza nthawi yaitali kuposa zonse mwatchulazo, bola apakidwe mwa dongosolo. Thabwa likhale louma, chinyezi chake chisapitirire 15 peresenti ngati muli ndi kachipangizo koyezera. Pa mfundo paliponse yambani mwapaka shellac (mtundu wa vanishi wotseka mfundo), apo ayi utomoni udzatuluka n'kujambula mawanga achikasu pa penti wanu woyerayo. Kenako pulayima (penti woyambira wa pansi), kenako makoti awiri a penti. Kumapeto kwa thabwa, kumene anadula ndi sowo, ndi kumene kumamwa madzi kwambiri, koma amisiri ambiri amakudumpha chifukwa sikuoneka. Muwaimirire pamenepo. Ndipo mukasankha penti wakuda dziwani kuti amakoka kutentha, matabwa amavutika.

Wofunsa: Zikomo akulu. Ndabaya, sikuludiraiva yakana, kupatula thabwa lam'munsi kwenikweni loyandikana ndi dothi. Komabe funso langa lachiwiri lija palibe walikhudza.

Yankho lachinayi: Kubwerera n'kovuta, achimwene. Penti amalowa m'timing'alu ndi m'mbali mwa mfundo, ngakhale mupale chotani amatsalira. Koma thabwa lopakidwa stain (mankhwala olowa m'thabwa osaphimba mizere yake) mungadzalipente nthawi ina, mutalitsuka ndi kulipala. Ndiye poti m'nyumba simunagwirizane, yambani ndi stain wa mafuta wokhala ndi mtundu pang'ono. Mtunduwo ndi umene umatchinga dzuwa, wopanda mtundu sachedwa kugonja. Amalowa m'thabwa, samatuka, amangofwifwa, ndipo mizere yanu ija imaonekabe. Vuto lake n'lakuti khoma la dzuwa mudzalibwereza pafupipafupi, mwina zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Muziwaza madzi pa thabwa: akaima timadontho kudakali bwino, akalowa nthawi yakwana. Ngati makwerero mumawaopa, tsatirani za mayi.

Yankho lachisanu: Kuwonjezerapo, thabwa lam'munsilo silinawole chifukwa chosowa penti. Madzi ogwa kudenga amathovukira pamenepo. Pakati pa dothi ndi thabwa pazikhala masentimita 15 kapena 20, ndipo ikani magatala olandira madzi a kudenga. Chiswenso sichiopa penti, chimadya m'kati kunja kukuwala. Mukagwiritsa ntchito mafuta opaka matabwa otchedwa linseed, nsanza zonyowa nawo musaziunjike, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni chotambasula kapena ziviikeni m'madzi.

Wofunsa: Mayi avomera kuti tiyese stain pa khoma la kuseri, aone kaye. Tsopano kutuwa kulipo kaleku, ndipale mpaka chikasu chibwerere, kapena kutsuka kokha n'kokwanira?

Yankho lachinayi: Palani pang'ono, motsatira mizere ya thabwa. Kakhungu kotuwako n'kofooka, stain sagwira bwino pamenepo. Mukatsuka dikirani liume kaye.