Chingwe cha galu chomasuka msanga ngati cha apolisi, chimapezeka kuti?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira alonda pa nyumba ina yosungiramo mbatatesi ndi chimanga kuno ku Dedza, ndipo tili ndi galu wamkulu wa mtundu wa German Shepherd amene timayenda naye usiku.

Vuto lili pa kachitsulo kokolowekera chingwe ku lamba wa m'khosi. Kathu ndi kaja kokankha ndi chala chachikulu. Galu akamva mtswatswa n'kuyamba kukoka, chingwe chimauma gwa, ndiye kuti mum'masule muyenera kum'bweza kaye m'mbuyo kuti mphete ipeze mpata. Pofika apo wakuba walumpha kale mpanda. Komanso ndi chifunga cha kuno kachitsuloko sikachedwa kuchita dzimbiri, ndipo mu Juni zala zimakhala zitakongwa, kukankhako kumavuta.

Ogwira agalu a polisi amagwiritsa ntchito kena kamene kamatseguka ngakhale galu akukoka mwamphamvu, mumangokoka kachingwe kakang'ono kapena kufinya m'mbali, basi wapita. N'kamene ndikufuna.

Kodi ku Lilongwe kuli sitolo imene imagulitsa? Ndikapeza kachitsulo kokha, osoka nsapato a pamsika angakasokere pa chingwe cha chikopa mpaka kulimba? Ine nayiloni sindimukonda, amawotcha m'manja galu akathawitsa chingwe.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi ichi: sikangatseguke kokha chingwe chikakola pa chitsamba? Pafupi pathu pamadutsa ana a sukulu m'mamawa. Amene munagwirapo agalu otere, ndiuzeni.