Bikini ndi chovala kapena chilumba? Ndithandizeni

Nabanda92:
Abale ndithandizeni, dzulo tinakangana ndi mnzanga, iye akuti Bikini ndi chilumba cha ku Pacific ine ndimati ayi ndi kachovala kosambira kaja. Ndayang'ana pa mapu ndakapezadi ku Marshall Islands, kali ngati mphete pakati pali madzi okhaokha. Ndiye dzinali ndi la chiyankhulo chanji? Anthu alipo kumeneko?

Aphunzitsi_aJogirafe:
Achemwali mnzanuyo wawina basi kkkk. Chilumba ndiye chinayamba, eni ake amati Pikinni, mu chiyankhulo chawo chomwe amachitcha Kajin M̧ajeļ, ndipo kamawu koti ni kumapetoko kamatanthauza kokonati. Chovalacho chinabwera mu July 1946, Mfalansa wina Louis Réard anangotola dzinalo poti linali m'manyuzi monse Amereka atangophulitsa bomba la nyukiliya kumeneko.

Za mphetezo, malo otero amatchedwa atolo. Kalekale panali phiri lophulika pakati pa nyanja, makorali (tizamoyo ta m'nyanja tomwe timaunjikana nkupanga miyala) anamera mozungulira, phirilo kumamira pang'onopang'ono makorali kumakulirabe m'mwamba kutsata kuwala, mpaka phiri linasowa kunatsala mkombero wa tizilumba ndi nyanja yabata mkati. Charles Darwin ananena zimenezi kalekale anthu ena kumatsutsa, koma mu 1952 atakumba ku Enewetak, atolo ina ya ku Marshall Islands komweko, anakapezadi mwala wa phirilo atadutsa mamita opitirira 1,200 a korali. Dziko lonselo lili ndi ma atolo 29 ndi zilumba 5 zoima pazokha.

Dala_wa_Mapu:
Aphunzitsi mwayankha bwino koma funso lachiwiri lija mwalizemba. Anthu analipo, 167, Amereka anawasamutsa mu March 1946 atawauza kuti nzakanthawi chabe. Anawatula ku Rongerik komwe anatsala pang'ono kufa ndi njala, mu 1948 anawatengera ku Kwajalein kenako ku Kili. Pa Bikini pokha anaphulitsapo mabomba 23 kufika 1958, lalikulu linali Castle Bravo pa 1 March 1954, phulusa lake linakagwera anthu a ku Rongelap. Ena a ku Bikini anayesa kubwerera kwawo koma mu 1978 anawachotsanso poti makokonati omwe amadya aja anali ndi poizoni wa nyukiliya.

Ine chimandipweteka ndi Kili, ndipo apa mpamene nkhani ya chiyankhulo ikulowera. Munthu wa pa atolo akamalozera malo amati iar kutanthauza mbali ya nyanja yabata ya mkati, kapena lik mbali ya nyanja yaikulu ya mafunde, chifukwa kachilumba nkopyapyala kulikonse uli pakati pa ziwirizo. Tsono Kili alibe nyanja ya mkati olo pang'ono, mbali zonse ndi mafunde, ngalawa kulowa movutikira. Ndiye taganizani gogo wodziwa mayina a nsomba za m'nyanja yabata, mayina a ziwalo za ngalawa ya matanga, akufuna aphunzitse mdzukulu amulozera chani? Anthu amenewa anali akatswiri oyenda panyanja eti, amamanga mapu a timitengo ndi tizigoba osonyeza mmene mafunde amakhotera akagunda chilumba.

kachiwala:
Madala mwandikumbutsa, ndinawerengako za chiyankhulochi nthawi ina. Moni wawo ndi iakwe, mawu omwewo amatanthauzanso chikondi, zikomo ndi kom̧m̧ool. Tizilumbato tili m'mizere iwiri, Ratak kotulukira dzuwa ndi Rālik kolowera dzuwa, Bikini ali ku Rālik, ndipo kayankhulidwe kamasiyana pang'ono, kusewera a Rālik amati ikkure a Ratak kukure, koma amamvana bwinobwino. Chinandidabwitsa nchakuti ndi banja limodzi ndi chiyankhulo cha ku Madagascar, ubale wapatali koma ubale ndithu.

Koma musaganize kuti chikufa mawa, ku Majuro, likulu la dzikolo, ana amakula akuchiyankhula ndipo ndi chiyankhulo cha boma limodzi ndi Chingerezi. Vuto lili kwa osamuka. Pangano la 1986 limawalola kukakhala ndi kugwira ntchito ku Amereka opanda viza, ambiri ali ku Springdale ku Arkansas m'mafakitale a nkhuku, kutali ndi nyanja iliyonse, kumeneko iar ndi lik mwana angazimve kutchalitchi mwina.

Nabanda92:
Eee ine ndimangofuna kuwina mkangano koma mwandipatsa maganizo. Zikomo nonse, kaya ndinene kom̧m̧ool. A Dala, mapu a timitengo aja amanyamula pangalawa kapena bwanji?

Dala_wa_Mapu:
Ayi achemwali, amaloweza ali kumtunda nkuwasiya konko. Panyanja amamvera mafunde ndi thupi mmene ngalawa ikugwedezekera.