Ana a sitandade 3 ndiwaphunzitse bwanji sayansi panja?

Mphunzitsi_Watsopano:
Moni nonse. Ndangoyamba kumene ntchito ndipo andipatsa sayansi, koma ana akungoloweza zapabolodi basi, ukafunsa chifukwa chake onse zii. Ndimafuna ndiziwatulutsa panja akaone zinthu zenizeni koma ndalama ya basi palibe komanso kalasi ndi yodzadza, ndikuopa chipwirikiti. Anzanga mumatani?

AgogoAChoko:
Aphunzitsi, za basi iwalani kaye, ulendo woyamba ukhale wa pabwalo la sukulu pompo. Chachikulu musatuluke opanda funso, mukangoti tiyeni tikaone chilengedwe ndiye kuti mwawapatsa buleki yachiwiri. Funso likhale limodzi, mwachitsanzo tizilombo tili ndi miyendo ingati? Akawerenga apeza nyerere 6, chiwala 6, gulugufe 6, kenako wina abwera ndi kangaude wa miyendo 8 ndiye mkangano uyambika kuti ameneyu ali gulu limodzi ndi anzakewo kapena ayi, musawayankhe msanga asiyeni alimbane kaye. Agaweni m'magulu a ana 5 kapena 6, wina wolemba, wina wojambula, wina wonyamula botolo. Mwana wopanda ntchito ndi amene amasokoneza. Ndipo ajambule zomwe akuona osati za m'buku, ngakhale chithunzicho chioneke choseketsa.

MamaT:
Ine ndine kholo chabe koma chonde miyala aziitembenuza ndi kamtengo osati manja, pansi pake pamakhala zinkhanira, nthawi zina njoka. Ku madzi osayenda asalowemo, likodzo limachokera ku nkhono za m'madzi otero. Akabwerako asambe m'manja ndi sopo.

SayansiNdiManja:
Ndionjezereko ziwiri zosafuna ndalama. Mangani pepala la pulasitiki loonekera mkati ku nthambi ya masamba mmawa kukakhala dzuwa, pofika masana mukhala timadontho ta madzi, ana amadabwa heavy kuti tsamba limatulutsa madzi. China, thirani dothi ndi madzi m'botolo, khutchumulani nkulisiya, mchenga umakhala pansi msanga koma dongo limatenga maola kapena masiku, pamenepo nkhani ya mitundu ya dothi yatheka kale.

Mphunzitsi_Watsopano:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga za chule? Ndimafuna aone mbululu zikusintha koma amayi anena zoona za madziwo.

AgogoAChoko:
Mukatunge nokha ndi chidebe, mbululu zochepa chabe, madzi ake omwewo ndi timaudzu ta m'madzi kuti zizidya. Muike pamthunzi. Ana azijambula sabata iliyonse, aona okha kuti miyendo yakumbuyo ndiyo imayamba kutuluka, yakutsogolo pambuyo, mchira nkumafupika. Miyendo ikangotuluka ikanimo mwala woti zizikwerapo chifukwa zimayamba kupuma mpweya, zikapanda pokwera zimamira. Zikasanduka tiachule mukazibweze komwe munazitenga.