Ndithandizeni pa nkhani ya zilembo zazikulu m'Chingerezi

Abale ndi alongo, ndikupempha thandizo kwa inu amene mumachidziwa bwino Chingerezi. Zoti chiganizo chimayamba ndi chilembo chachikulu ndikuzidziwa, chimodzimodzinso mayina a anthu, malo, zinenero, masiku ndi miyezi, monga London, French, Monday kapena August. Koma n'chifukwa chiyani nyengo ngati "summer" ndi "winter" zimayamba ndi chilembo chaching'ono pomwe miyezi imayamba ndi chachikulu?

Pamene pandivuta zedi ndi pa maudindo. Ndimaona "President" ali ndi P wamkulu akatsogozana ndi dzina la munthu, koma pena amalemba "the president" basi. Kodi lamulo lake ndi lomwelo pa "Mother" ndi "my mother"? Nanga "north" wosonyeza kolowera akusiyana bwanji ndi wa mu North America?

Chinanso ndi mitu ya nkhani. Ena amakuza pafupifupi mawu onse kupatula timawu ngati "of", "the" ndi "and", ena amangokuza mawu oyamba okha. Pa kalata yofunsira ntchito, yomwe sindifuna ioneke yosasamala, nditsate njira iti? Chonde mundipatseko zitsanzo, ndimamva msanga ndikaona chiganizo chathunthu.