Mapampu athu agona dzinja lonse, titani kuti asachite dzimbiri?

Makanika wa ku Chikwawa: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Pa sikimu yathu ya ulimi wothirira tazula mapampu atatu m'mbali mwa Shire kuopa madzi osefukira, poti za namondwe Freddy mu 2023 sitinaziiwale. Akhala m'shedi mpaka Epulo kapena Meyi. Chaka chatha imodzi inagwiriratu, shafuti osatembenuka ngakhale ndi sipanala yaikulu. Titatsegula tinapeza impela (chipupa chozungulira chokankha madzi) yamatirira ku casing (chigoba cha pampu) ndi dzimbiri. Alimi 60 akudalira mapampu amenewa.

Mkulu wa ku Dwangwa: Achimwene, pulagi ya pansi yokhutulira madzi ija munaimasula? Ambiri amangopendeketsa pampu n'kumati yauma. Madzi a Shire amabwera ndi matope, ndipo matopewo amatsalira pansi pa casing, onyowa miyezi yonseyo. Chitsulo cha cast iron sichichedwa kudyeka. Tsukani m'kati ndi madzi oyera, masulani mapulagi onse, uzirani mphepo ya kompuresa mpaka muume. Mukatero thirani oyilo woteteza dzimbiri uku mukutembenuza shafuti kuti afike paliponse. Kukamwa konse kuwiri, kolowera ndi kotulukira madzi, tsekani ndi thabwa ndi labala, mumange ndi mabawuti. Mukasiya pululu, makoswe ndi mavu amangamo.

Mayi wa zamagetsi, Salima: Bambo, pa oyilopo ndikupempha tisamale. Ayambe aona kuti seal yake, chotsekera madzi kuti asadonthere pa shafuti, ndi yotani. Labala wa mu seal wa mtundu wa EPDM akakhudzana ndi oyilo wa galimoto amafufuma, tsiku loyatsa pampu izidontha. Ngati ndi wotero, kapena ngati pampuyo imakokanso madzi akumwa, athire glycerine.

Makanika wa ku Chikwawa: Ziwiri ndi za mechanical seal (ya sipuling'i ndi labala), inayo ndi ya packing (zingwe zopanikizidwa mozungulira shafuti).

Mkulu wa ku Dwangwa: Amayi anena zoona. Ya packing ija, chotsani zingwe zonse. Zimasunga chinyezi n'kudya sleeve, kachitsulo kovekedwa pa shafuti, mudzapeza timaenjemaenje pomwe zinagona. Mudzaika zatsopano poyatsa.

Koma chimene ndimalimbikira ine ndi ichi: shafuti muziitembenuza ndi manja milungu iwiri iliyonse, kakhumi kapena kuposerapo, ndipo isaime pomwe inali. Lembani choko pa coupling, polumikizira pampu ndi mota, kuti muzidziwa. Bearing ikakhala malo amodzi, girizi amathawa pomwe timipira ta m'kati mwake tatsamira, ndiye chitsulo chimakhudzana ndi chitsulo chinzake. Pakakhala jenereta pafupi, kunjenjemera kwake kumaboola tizenje m'njira ya timipirato. Mudzaimva ikulira tsiku loyamba lomwelo. Muike munthu mmodzi woti ntchitoyi ndi yake, azisayina m'kope. Ya tonse sigwirika.

Mayi wa zamagetsi, Salima: M'shedimo mumasungamo chiyani china?

Makanika wa ku Chikwawa: Matumba a urea ndi CAN, amayi.

Mayi wa zamagetsi, Salima: Ndiye mdani mukugona naye m'nyumba. Feteleza amakoka chinyezi, ndipo fumbi lake likatera pa chitsulo kapena pa mawaya a kopa limadya msanga. Apatuleni ndithu. Mapampu akhale pa mapaleti, osati pa simenti. Musawakulunge ndi pulasitiki thi, chifukwa ndi kutentha kwa kwanuko amatuluka thukuta m'kati. Fundikani lona, pansi pazipita mphepo. Mamota ayezeni lero ndi megger ya 500V, chipangizo choyezera ngati mawaya a m'kati sakutaya magetsi, mulembe. Podzayatsa muyezenso, ndipo mota yoonetsa pansi pa megohm imodzi pa megger musailumikize, iyambe yaumitsidwa.

Makanika wa ku Chikwawa: Zikomo kwambiri nonse. Mawa feteleza tisamutsira ku ofesi ya komiti. Megger tilibe, ndikabwereka kwa anzathu a ku Nchalo Lachisanu.